Mpani wa Mbewa pa Intaneti

Lachinayi madzulo. Mtima suli m'malo.

M'mawa pagulu la gemu yanga, ija umamanga mudzi n'kumakhala ndi nyama ngati anansi, opanga gemuyo anafunsa nyama yomwe tikufuna iwonjezedwe. Ena anati kamba. Ine ndinati mbewa, makamaka kapuku, azikhala mnansi wamanyazi wobisa mtedza kuuna. Mtsikana wina wakunja, yemwe timacheza tsiku lililonse, anapempha chithunzi. Mosaganiza ndinatumiza chomwe chinali mufoni, cha mpani wa mbewa womwe achimwene anabweretsa kuchokera kwa Kanduku.

Chiyambire masana gulu lonse lili zii. Mtsikana uja yekha ndiye wafunsa kuti, "Zikugona?"

Ndalemba n'kufufuta kasanu. Ndimuuza bwanji kuti tinadyera dzulo, ndipo zinakoma...