Makutu a Anselme

Lamlungu, 10 Malichi 1889

Nsanja yachitsulo imene akumanga mumzinda muno yatsala mutu wokha. Ndikamachapa pabwato lathu lochapirapo zovala m'mawa ndimapinda khosi mpaka mpango kugwa. Kumwambako timoto tofiira ngati maso a mphaka: mbaula zowotchera misomali. Imodzi ndi ya gulu la Anselme, mwana wanga. Ndawauza onse ochapa anzanga, ena kawiri.

Aja ankati idzatigwera ali kuti? Mayi Pichard a pabala ankagona ndi nsapato kuti adzathawe bwino. Lero akuthirira vinyo anthu odzaona, mano onse pamtunda.

Madzulo wabweranso Firmin, wa kumapiri uja, amene amagwirizira msomali kuseri kwa chitsulo Anselme akamamenya. Manja ngati mafosholo, mawu ngati mbewa. Akufuna Zélie, mdzukulu wanga, mwana wa Anselme. Zélie akumufuna. Wadya supu, watsegula pakamwa, watseka, wapita. Ndamutsatira pakhomo: "Iwe, supu yangayi si yonenepetsera anthu amantha. Kawafunse bambo ake."

Mtsikanayu zaka zake sizinakwane, kwa meya salemba ukwati bambo asanavomere. Ndipo nsanja ikatha Firmin akumutumiza kukamanga mlatho kummwera. Akapita wosakwatira, basi, kwatha.

Lachitatu, 13 Malichi

Ngolo za mahatchi zadutsanso ndi zitsulo. Zimabwera zoboolaboola kale, bowo kukumana ndi bowo linzake kumwamba komweko, ngati batani ndi malaya. Ine ndimalephera kugwirizanitsa masokosi awiri. Msomali umalowa uli psuu, ukamazizira umafupika n'kukoka zitsulo ziwirizo mpaka kuluma. Zélie akuti ndasanduka injiniya. Ndamuuza akolope.

Anselme wayamba matama. Ndafunsa ngati mphepo sikumuvutitsa kumwambako. "Zili bwino, amayi." Ndafunsa ngati akufuna tchizi kapena soseji. "Zili bwino, amayi." Ndati nkhope yako yafanana ndi mbatata yophika dzulo. Wamwetulira. Munthu akakwera pang'ono amaiwala amene anamuchapira matewera.

Lolemba, 18 Malichi

Ndakwiya, zilembo zipite kumene zikufuna.

Mayi Pichard atulukira atavala chipewa cha nthenga, kundipsompsona masaya onse, ati, "Asewere anga!" Ndati mwayamba kumwa katundu wanu? Ati ayi, Loweruka mwana wawo Octave, uja amadzoza ndevu mafuta, anapempha Zélie pabala pamaso pa amuna onse. Anselme anamugwira dzanja n'kunena kuti zili bwino.

Zélie wadzitsekera kuchipinda. Firmin sanabwere. Supu yatsala, ndapatsa mphaka.

Octave! Munthu woti akanyamula botolo limodzi amakhala pansi kupuma.

Lachiwiri, 19 Malichi

Ndamuyesa Anselme, "zili bwino" yakeyo yandikayikitsa. Akudya, ndagwetsa chivundikiro cha poto kumbuyo kwake. Mphaka wathawira padenga, a m'nyumba ya pansi amenya denga ndi tsache. Anselme, sipuni kukamwa, phee.

Mwana wanga ndi gonthi. Nyundo yamudya makutu.

Ndamugwira ndevu, ndamukuwira m'maso zimene wachita. Magazi onse kuchoka kumaso. Ati ankaganiza kuti Octave akufunsa ngati vinyo akukoma. Ndati ndiye ukanati ayi, vinyo wawoyo ndi madzi a mumtsinje! Ati sakumva kuyambira chilimwe, amangoona milomo ikuyenda, n'kuvomera.

Ndati pita ukabweze mawu. Ati mawu anaperekedwa pamaso pa amuna, sabwezeka popanda chifukwa, ndipo chifukwacho kapitawo akachimva amutsitsa tsiku lomwelo. Gonthi samva akamamuchenjeza. "Amayi, nsanjayi ndinayamba nayo kumiyendo, matope ali m'mawondo. Mundilole ndifike kumutu."

Ndamutcha mayina ambiri. Wamva ochepa.

Loweruka, 23 Malichi

Ayamba kupaka penti cha kumtunda, yofiira ngati chiwindi. Ndimafuna kuida nsanjayi, yandibera makutu a mwana. Koma dzuwa likamalowa kudutsa m'mipata yake mtima umangodumpha wokha, chitsiru cha mtima. Mphepo imapyola ngati m'dengu, n'chifukwa chake siigwa. Ndawafotokozera ansembe dzulo, sanafunse.

Firmin akadali kumwambako, kugwirizira msomali munthu amene wapereka mtsikana wake kwa wina. Nyundo ikutsikira pafupi ndi zala zake tsiku lonse, iye osadandaula. Sindidziwa ngati ndi woyera mtima kapena ng'ombe.

Zélie sakudya. Wandifunsa, "Agogo, bambo ndinawalakwira chiyani?" Ndinalonjeza Anselme kusaulula za makutu ake. Ine, kusunga pakamwa! Lilime latupa ngati buledi.

Mayi Pichard akuti alengeza Lachinayi, pa chikondwerero chathu cha ochapa, bala itadzaza.

Lachinayi, 28 Malichi

Ndilembe ndisanaiwale!

Tsiku lathu lapakati pa Lenti. Tavina mumsewu, mfumukazi yathu ya chaka chino pangolo ya maluwa, mwendo wanga wamanzere unaiwala kuti umadwala. Madzulo dzuwa lisanalowe tonse kwa Pichard. Omenya misomali atsika, akuda bii, adzaza mabenchi, kapitawo ali pakona. Ine ndi thabwa langa lochapira m'manja. Ndinali nditatsimikiza: mayiyo akatsegula pakamwa, lonjezo langa lifa, mwina ndi chipewa chake chomwe.

Mayi Pichard akwera pampando, agogoda tambula. Zélie pambali panga, woyera ngati nsalu yoviika. Anselme sanamve mawu ndi amodzi omwe, koma anaona nkhope ya mwana wake. Waimirira, benchi kugwa. Wakuwa ngati ali pamwamba pa nsanja: "Octave, sindinakumve tsiku lija! Sindimva! Makutu anafa! Mwana wanga sindinakupatse!"

Ine ndati basi, ntchito yapita.

Kenako mkulu Baptistin, amene wamenya naye misomali chiyambire, watembenukira mnzake: "Wati chiyani?" Mnzakeyo: "Akuti vinyo watha." Wachitatu wagwedeza mutu mwaulemu: "Zili bwino." Ndayang'ana kapitawo. Dzanja lili kukhutu ngati chikho.

Onse! Benchi yonse agonthi, aliyense kubisira mnzake, miyezi yonseyi kugwedezerana mitu kumwamba kuja. Ife ochapa tagwa ndi phwete, wina mpaka pansi pa tebulo. Firmin, amene makutu ake akadalipo, wachita kuwalozera ndi manja, khutu, Anselme, khutu. Atamvetsa, Baptistin waseka mpaka misozi kujambula mizere m'mwaye. Kapitawo wangoti mawa m'mawa onse pantchito, ndipo wanena mokuwa kwambiri.

Octave ati, "Koma munandigwira dzanja, bambo." Ndati, "Amagwiranso chitsulo tsiku lonse, sanachikwatitse mwana." Amake a Octave atithamangitsa. Usewere watha, ndipo vinyo tizikagula kutsidya.

Lamlungu, 31 Malichi

Yatha! Mbendera ili pamwamba, yaikulu ngati mashiti khumi, ndani adzaichape kaya. Mizinga yalira. Anselme wagwira pachifuwa, akuti iyi waimva m'nthiti. Msomali wake uli kumutu kwenikweni, wandilozera, ndanama kuti ndauona.

Firmin ndamuimika pakati pa msewu, chipewa m'manja, maso ndi maso ndi Anselme. Ndati lero ukalankhula ngati mbewa ndikukwatira ndine. Wakoka mpweya, wakuwa mpaka mahatchi kudzidzimuka: "Bambo, ndikupempha Zélie!" Mawindo onse kutseguka. Anselme dzanja kukhutu: "Ati?" Wabwereza. "Ati?" Apa n'kuti ndevu zikugwedezeka, ndinaona kuti akumuseweretsa. Pomaliza wamukoka khosi n'kuti, "Zala zako sindinaziphwanyepo. Nawenso usandiphwanyire mwana."

Ukwati Pasaka ikadutsa, asananyamuke. Zélie wadya mbale yake ndi yanga.

Pano Zélie ndi Firmin apita kukayenda, nyumba ili chete. Anselme wakhala pawindo, akuyang'ana mbendera yake. Ndaima kumbuyo kwake. Ndamuitana dzina lija ndinkamuitana ali khanda, limene sadziwa munthu wina aliyense. Osatembenuka. Ndaitananso, mokwezako pang'ono.

M'khosi mwake mwamera imvi. Zinayamba liti?