Ntchito ya Liwu Limodzi

Lolemba, 3 Juni 1991

Towera wayamba ntchito lero. Mwana wa malemu achimwene anga a Thomson, yemwe ndinamlera ine ankhazi ake ku Champhira akadali wa mamina. Ofesi yake ndi yomwe ino ya kampani ya matabwa, imene ndasesa zaka khumi ndi zinayi. Ine tsache, iye kompyuta. Magazi amodzi.

Amuyesa miyezi itatu. Akakhutira a Kalebe, bwana wathu, ampatsa kalata. Akapanda kukhutira, mbwenu kumudzi kukasoka fodya.

Nthungululu ndakaimbira kuseri kwa chimbudzi, kuopa kumchititsa manyazi mwana.

Lachinayi, 6 Juni

Makina aja ndawaona bwino lero. Ndinkayesa muli zithunzi ngati kanema. Ayi. Galasi lakuda bii, pakona chilembo C ndi kamzere kophethira ngati diso la nkhuku ya chitopa. Towera akuti kakudikira kuuzidwa chochita. Ndati chimodzimodzi a Stafford, kalaliki wathu, kungoti iwo saphethira.

A Kalebe akalowa m'chipindamo amaima patali, manja kumbuyo, ngati pamaliro a munthu wosamdziwa. Koma alendo akabwera amati kompyuta yanga.

Kuzizira chomene. Juzi yanga ndampatsa Towera, ya iye yabooka pachigongono.

Loweruka, 22 Juni

Towera wandifotokozera tikutong'ola chimanga. Ntchito yake ndi mndandanda wa olondera moto kunkhalango ya ku Luwawa. Amuna oposa mazana atatu, ndani akwera nsanja iti, tsiku liti. A Stafford ankautaipa masiku anayi mwezi uliwonse, ndipo chaka chatha anakweza munthu wakufa pansanja kawiri.

M'makinamo akuti muli mapulogalamu atatu. Ina yotola mayina, ina yosanja, ina yotumiza ku pulinta. Iliyonse payokha, zosadziwana. Ndiye Towera akulemba kakalata ka malamulo, akuti bachi fayilo, koti kaziitana yoyamba, ikamaliza kaitane yachiwiri, kenako yachitatu. Ndati ameneyo ndi thenga wa ukwati. Waseka. Akuti, "Eya ankhazi, koma thenga wangayu akafika kwa wachiwiri sakubwerera." Ndati athenga onse ngotero akapeza mowa.

Sakudya bwino. Akulemba mizere ya Chingerezi kuseri kwa kalendala wanga wa mpingo.

Lachiwiri, 2 Julayi

Thenga wabwerera. Panangosowa liwu limodzi kutsogolo kwa mzere, lomuuza kuti ukamaliza uko ubwere.

Towera anandiitana ndi tsache langa lomwe kuti ndione. Walemba MOTO, wadina batani lalikulu, mbwenu. Galasi zii. Ine ndimati zafanso. Posakhalitsa pulinta kulira ngati macheka, mapepala kutsika mpaka pasimenti. Madzi a tiyi asanawire, ntchito ya masiku anayi yatha.

A Thomson, mukanaona.

Ndagula nyama. Sopo adikire.

Lachisanu, 19 Julayi

Nkhani ndaimva ndikupukuta mawindo a bwana. Iwo amayesa wosesa alibe makutu.

A Stafford akuti mtsikanayo amalemba liwu limodzi m'mawa, kenako amangoyang'ana galasi lopanda kanthu. A Kalebe akuti nanenso ndaona, chinthucho chimakhala chakuda tsiku lonse, ndalama zonse zija. Akuti mwina aitanitse mwamuna wa ku Lilongwe wodziwa kutulutsa makina thukuta.

Mndandanda wa mwezi uno mulibe wakufa ngakhale mmodzi. Zimenezo sanatchule.

Windo limodzi ndalipukuta mpaka mkono kuwawa.

Lamlungu, 21 Julayi

Ulaliki sindinaumve. Masana ndamkhazika pansi Towera, ndamuuza zonse. Wakwiya. Akuti ntchito ndi yolondola, yachangu, walakwa chiyani?

Sukulu yonse ija, mpaka ku Blantyre, osamphunzitsa kuti bwana saona ntchito, amaona woigwira. Ine khonde ndimasesa sikisi koloko, n'kusesanso eyiti koloko galimoto ya a Kalebe ikamalowa pageti. Koyambako n'kwa fumbi. Kwachiwiriko n'kwa malipiro. Zaka khumi ndi zinayi, palibe anandinenapo ulesi.

Ndamfunsa, kodi thenga wakoyo sangamayankhule akuyenda? Akuti angathe, anachita kumtseka pakamwa yekha ndi mzere woyamba weniweni, kuti galasi lizikhala laukhondo. Laukhondo. Ndati mtsegule, abwebwete. Ndati ndipo asamathamange, aziima, azipempha thandizo, anthu aone kuti popanda iwe sayenda.

Mbale watsuka mwaphokoso.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Wamtsegula. Tsopano galasi lonse mizere yokhayokha, kuthamangira m'mwamba ngati linthumbu. Chilichonse chimene thenga akuchita akulengeza. Waikanso poima khumi ndi pawiri. Makina amaima, kulira pii, kupempha munthu adine batani. Lililonse, akuti.

A Kalebe anaima kumbuyo kwake mpaka tiyi wawo kuzizira, kugwedeza mutu ngati akuwerenga. Nthawi ino pafupi, mimba kukhudza mpando. Anaitana ndi a Stafford omwe. Akuti, "Mwaona? Chitsulo chimafuna kuchiumiriza."

Mndandanda ukutuluka masana tsopano. Womwewo, mayina omwewo. Akuti mtsikanayu wasintha kwambiri.

Ine kumwetulira ndekha m'khonde ngati wamisala.

Lachisanu, 23 Ogasiti

Za mwamuna wa ku Lilongwe zazilala. Mphepo, fumbi, utsi kumapiri. Towera akubwera kunyumba mutu ukuwawa, akuti ndi pii uja. Ndamgulira mapiritsi awiri. Masiku atsala ochepa, apirire.

Lolemba, 2 Sepitembala

Kalata yatuluka! Walembedwa ntchito. Chidindo, siginecha, dzina la a Thomson pamwamba. Ndavina m'khitchini ya ofesi ketulo ili m'manja, mpaka mlonda kusuzumira. Ndauza a Bessie ogulitsa tomato kumsika, ndiye kuti boma lonse lamva. Mawa uthenga ku Champhira pa basi ya m'mawa. Aja ankati mwana wamkazi sukulu n'kutaya ng'ombe amve bwinobwino.

Towera wangoti yewo, n'kuipinda kanayi.

Lachinayi, 5 Sepitembala

Kalata ina, pabolodi. A Kalebe aona ndi maso awo kuti ntchito ya kompyuta ndi yolemetsa, mtsikana yekha sangaithe. Kuyambira Lolemba mkulu wa chipinda cha kompyuta ndi a Stafford. Towera wothandizira wawo.

Ayesera kale lero. Makina akati pii, iwo amakonza tayi, n'kudina. Chala chimodzi, cha mkombaphala. Kakhumi ndi kawiri, osaphonya. A Kalebe akuti bambowa agwira msanga, n'chifukwa chake pamafunika munthu wamkulu.

Madzulo ndinati ndimuuze Towera kuti ntchito ndi ntchito, ena akuisowa. Wayamba ndi iye. Akuti, "Ankhazi, mawa tipitire limodzi, kusesa kwa eyiti koloko kuja ndakudziwa tsopano." Ananena moseka. Inenso ndinaseka.

Poima paja iye ankafuna patatu pokha. Amene ndinati patatu pachepa ndine.