Mwendo wa Esinati Wakula Mothamanga

Amayi, kumene mwagonako kwacha bwanji?

Kuno ku Mbulumbuzi tilipo. Nandolo wachita bwino chaka chino, ndipo mng'ono wanga Lusiya wabereka mwana wamwamuna, mphuno ndi yanu yomwe ija.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi Esinati, mwana wanga uja munkamubereka popita kudimba. Chichokereni inu padziko lino, bondo lake lakumanja linayamba kutupa. M'mawa linkauma ngati chikuni, mwana osatha kudzuka pamphasa, mpaka sukulu anasiya. Kenako anayamba kutsimphina, mwendo wakumanzere ukuoneka waufupi.

Achimwene anu, amalume a Likhwa, mukuwadziwa mmene alili akatsimikiza chinthu. Anati, "Waufupiwo ndiye ukufota, mwanayu anaponda poipa." Anamutengera kwa sing'anga ku Kadewere, ndipo anakamutema mphini mwendo wonse wakumanzere. Analira, Amayi, nanenso ndinalira naye.

Nditapita naye kuchipatala, adokotala anangoyang'ana mphinizo n'kupukusa mutu. Akuti mwendo wotemedwawo ndi wabwinobwino, wodwala ndi wautaliwo. Matenda ake ndi nyamakazi ya ana. Anandifotokozera kuti m'kati mwa bondo muli tinthu tamoyo tosaoneka ndi maso, ati maselo. Tinthuti tikakwiya ndi matendawa timasokoneza kumapeto kwa fupa, kumene mwana amakulira. Fupalo limayamba kukula mothamanga, ndipo kutupako kukapanda kuphwa likhoza kusiyiratu kukula nthawi isanakwane, mwana n'kulumala mpaka kalekale. Mtima unandisweka ndi mantha. Ndinakumbuka muja munkanenera kuti, "Mwana akamaloza pomwe pakuwawa, iwe uziyang'ana pomwepo." Esinati ankaloza bondo lakumanja masiku onse.

Amalume manyazi anawagwira, komabe sanathawe. Ndiwo amamukweza panjinga kukalandira mankhwala. Adulanso tayala lakale n'kumata pansi pa nsapato ya mwendo waufupi uja kuti miyendo ilingane. Esinati amawaseka kuti, "Agogo, ulendo uno mwaona bwino mwendo wake?" Iwo amangoti, "Iwe, khala chete ndiyeze."

Kutupa kuja kwayamba kuphwa. Lolemba lapitali Esinati anavala yunifolomu yake, amalume atabweretsa njinga iye n'kukana. Ndinamutsatira chapatali, ndikubisala m'nandolo wa anthu kuti asandione. Ankayenda pang'onopang'ono, anapumira kamodzi pachitsa, koma anakalowa m'kalasi ndi miyendo yake.

Ndikukulonjezani, Amayi, Esinati mankhwala sadumphitsa ndi tsiku limodzi lomwe, bola ine ndili moyo. Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya