Wouluka Uja Anali Kuti?

Loweruka, ku Nkope. Tsiku lowawa.

Asiyatu, mwana wa malemu achimwene amene ndinathawa naye nkhondo ku Mozambiki, wadumpha kuchokera pathandala loyanikapo usipa atamanga chitenje changa m'khosi. Bondo latupa. Akuti amayesa kuuluka ngati mzungu wopulumutsa anthu wa m'kanema wa kumsika.

Ndamukalipira, ndamuletsa kupitakonso. Amuna anga akuti, "Musiyeni, ndi masewera chabe." Iwo ndi akonkuno, nkhondo amangoimva.

Ndikumuthowa bondolo, wandifunsa, "Azakhali, tsiku ankawotcha nyumba yathu lija, wouluka uja anali kuti?"

Ndati kulibe munthu wotero, ndi bodza la azungu.

Wangoti, "N'chifukwa chake ndikuphunzira ineyo."

Chitenje chija ndabisa, koma mawa akandipempha...