Tiwonge Watikweza ku Nyika

Amayi anga okondedwa,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ife kuno ku Mhuju tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kukulowa mpaka m'mafupa. Chibwerereni kokuikani ku Dedza takolola kawiri tsopano. Chimanga chachita bwino, nkhokwe yadzaza mpaka tapempha matumba kwa aneba. Nyemba zokha ndiye zinatikana, mvula inadula zili pamaluwa. Fodya a Msiska, mkamwini wanu, anagulitsa, koma anabwerako kumsika nkhope ili gwa, ndipo sitinawafunse zambiri. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa mapasa, ndipo yaphunzitsa kale ana ake kuba masamba kudimba.

Mkazi wa mdzukulu wanu Yamikani anachira bwinobwino ku Mzuzu. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha Felesiya, dzina lanu. Akamalira amakunga chibakera monga munkachitira inu mukamatsutsana ndi wailesi.

Koma nkhani imene yandikhazika pansi lero ndi ya Tiwonge.

Mukukumbuka mkangano umene unali m'nyumba muno pamene mtsikanayu ananena kuti akufuna kukaphunzira zosamalira nyama zakutchire. Bambo ake anakanitsitsa. Inu mukudziwa chifukwa chake. A Msiska anabadwira m'mapiri momwemo, ndipo ali kamnyamata mudzi wawo wonse unakwezedwa pa lole pamene malo a nyama ankakulitsidwa. Anasiya minda, anasiya manda a agogo awo, ndipo chichokereni sanapondekonso. Ankati, “Nyama zinatilanda mudzi, lero mwana wanga akakhale wantchito wa nyama?” Inu munangopitiriza kusenda chinangwa n'kuti, “A Msiska, mwana akaloza phiri musamudule chala.” Kuyambira pamenepo sanamuletsenso.

Amayi, anamaliza. Anamulemba ntchito pa malo ogona alendo pamwamba pa Nyika. Amayendetsa yekha chigalimoto chachitali chopanda magalasi kumbuyo, n'kumaonetsa alendo nyama, pakati pa anzake aamuna okhaokha. Kumeneko wantchito amaloledwa kuitanako makolo ake kuti akagone ngati alendo, ndiye anatiitana kuti tikwere m'nyengo yozizirayi, tikamaliza kukolola.

Kenako dziko linatekeseka. Chisankho chitatha anthu sanagwirizane nazo zotsatira, ndipo zionetsero zinayamba. Wailesi inkangonena za matayala oyaka ndi utsi wokhetsa misozi. Pa boma pathu pomwepa masitolo ena anaswedwa, ndipo masiku ena minibasi sizinkayenda n'komwe. Azungu amene anasungitsa malo kwa Tiwonge anayamba kubweza maulendo awo mmodzimmodzi. Tsiku lina anandiimbira foni mawu ali pansi. Anati, “Amama, zipinda zili pululu. Atiuza kuti mwezi ukatha ife atsopano tibatsikira kwathu mpaka alendo adzayambenso kubwera, ndipo palibe akudziwa kuti ndi liti. Ngati mubwere, bwerani tsopano. Ndikufuna adada adzandione ndili pa ntchito.”

Pamenepo ndiye panali pa mphambano. Achimwene a Lonjezo anaimba kuchokera ku Lilongwe n'kundikalipira ngati ndikadali kamtsikana. Anati, “Achemwali, mutu ukuyenda bwino? Mwala woponyedwa sufunsa kuti mukupita kuti.” Kumvano nako amayi ena anandiyang'ana cham'mbali. Mmodzi anati, “Dziko likuyaka, inu mukukaona mbidzi?” Mawu amenewo anandilasa, chifukwa mwana wa mayi ameneyo anali atavulala mwendo pothawa utsi. Ndinadzifunsa ndekha ngati si chipongwe kukasangalala anzako akulira.

Amene anandimasula ndi Yamikani, yemwenso amayenda nawo m'zionetserozo ku Mzuzu, ngakhale ndimamuletsa. Anati, “Amama, masiku oyenda pamsewu amalengezedwa. Sankhani tsiku lopanda kanthu, munyamuke m'mamawa, ndipo mukaona pavuta mubwerere. Ife sitikuyenda pamsewu kuti inu mudzitsekere m'nyumba ayi.”

A Msiska ndiye anali ndi zifukwa zodzaza dengu. Lero ati msewu ndi woopsa. Mawa ati ng'ombe ikudwala. Mkuja ati msana. Ndinakumbukira zimene munkanena, kuti mwamuna akakupatsa zifukwa zambiri, chenichenicho wachikhalira. Ndiye sindinalimbane nawo. Ndinawapeza akukonza mpini pakhonde n'kuwauza kuti, “Bambo a Tiwonge, ine ndikupita. Mwana waitana.” Iwo anati, “Nyabanda, ukavulala usadzati sindinanene.” Ndinati, “Mwanena, ndamva.”

Mukanaseka mukanandiona ndikusankha chovala. Masiku ano mtundu uliwonse wa chitenje uli ndi eni ake. Ndikatenga ichi, ndi cha chipani chakuti. Ndikatenga icho, ndi cha enawo. Ndinakhuthula sutikesi yonse mpaka ndinapeza chanu chakhofi chamadontho chija, chimene palibe chipani chingachilirire. Ndicho ndinavala.

Tiwonge anafika dzuwa likungotuluka, atavala yunifolomu yake ndi chipewa. Ana a m'mudzi ndi amayi a pa mjigo anaunjikana kudzaona mwana wa Nyabanda akutsika pa chiwongolero. Ndikukwera, ndinangoona a Msiska atulukira atavala jekete lawo la kutchalitchi. Sanayang'ane munthu. Anakwera kumbuyo n'kuti, “Ndingokuperekezani mpaka pa boma.”

Tinayenda bwino chigwa chonse. Koma tisanalowe pa boma tinapeza chimtengo chitagonekedwa pamsewu, miyala ili mbwee, ndi gulu la anyamata. Silinali tsiku la zionetsero, koma tinamva pambuyo pake kuti anzawo ena anali atagwidwa dzulo lake, ndiye anali okwiya. Ataona galimoto lalitali ndi munthu wa yunifolomu anaganiza kuti ndi la boma. Anatithamangira. Mwala umodzi unaphwanya kagalasi kam'mbali, ena akumenya chitseko ndi manja. Amayi, sindikubisirani, ndinkafuna kukuwa kuti tibwerere, koma pobwerera panalibe, anali atatizungulira.

Tiwonge anazimitsa injini, anavula chipewa, anaika manja onse pa chiwongolero pooneka, n'kuwapatsa moni mwaulemu ngati wawapeza pa maliro. Anawauza kuti galimotolo ndi la alendo okaona nyama, ndipo alendo ake lero ndi makolo ake. Mnyamata wina wamtali, mwala uli m'manja, anasuzumira kumbuyo n'kufunsa mwaukali m'Chitumbuka kumene tinkapita, “Mukuya nkhu?”

Ndinkati ndiyankhe, koma a Msiska anaimirira kumbuyo kuja, atagwira chitsulo, n'kuti, “Tikuya kukaya.”

Kwathu, Amayi. Anati tikupita kwathu. Anapitiriza m'Chitumbuka chawo chakumapiri chija, chimene ine mpaka lero ndimachimva mwa apo ndi apo. Anati, “Ine ndinabadwira kumtunda uko. Anatitsitsa pa lole ndili wamng'ono kuposa nonsenu, ndipo tsiku limenelo panalibe wotseka msewu. Mkwiyo wanu ndikuudziwa, ndakhala nawo mpaka imvi izi. Lero mwana wanga wamkazi akundibweza ndi galimoto kuti ndikaone manda a agogo anga. Chotsani mtengowo.”

Kenako wina kumbuyo kwa gululo anati agogo akenso anachokera komweko, n'kutchula dzina la mudzi. A Msiska anamufunsa mfunda wake, ndipo anapezeka kuti akuwadziwa akwawo. Wamtali uja anaponya mwala wake m'ngalande. Anakoka mtengo uja anthu angapo, wina n'kutola zidutswa za kagalasi kaja kumupatsa Tiwonge ndi manja awiri, ngati zingabwererepo. Tiwonge anathokoza kuti, “Yewo chomene,” n'kuliza injini.

Pa boma tinadutsa pang'onopang'ono. Phula linali ndi zipsera zakuda pamene panayaka matayala, ndipo mayi wina ankasesa magalasi pakhomo pa sitolo yake. Mtima unandiwawa, ndipo chisangalalo chinayamba chandithawa. Tiwonge anaima pa siteji n'kucheuka. Anati, “Adada, pa boma ndi pano.” Iwo anayang'ana kutsogolo n'kuti, “Yendetsa.”

Msewu wokwera ndi wafumbi ndi mabampu, koma mdzukulu wanu amaudziwa ngati njira ya kudimba. Titalowa pa geti la malo a nyama anatenga mlonda wa nyama wa mfuti, ndipo titayenda ndithu anapatuka n'kuimika galimoto m'tchire. Anati kuchokera apa tiyenda pansi. Ine ndinkayesa tikukaona njovu. Sindinkadziwa kuti chiyambireni ntchito, mtsikanayu wakhala akufunsa alonda akale ndi azakhali a bambo ake, kufunafuna pamene panali mudzi wa kwawo. Sanauzeko munthu, ngakhale ine.

Sitinayende mtunda wautali a Msiska anayamba kutsogola okha. Mlonda uja anachita kuwathamangira. Anaima pa mtengo waukulu wa mkuyu, anayang'ana uku ndi uku, n'kupalasa udzu ndi phazi. Panali mphero, mwala woperapo mawere, wokumbika pakati. Anati, “Apa panali pa amama.” Anatsetserekera kumunsi pang'ono n'kupeza milu ya miyala itamera udzu. Anavula chipewa, anathyola nthambi n'kuyamba kusesa, ife n'kumazula udzu. Atatha anagwada n'kuitana akufa awo mmodzimmodzi, maina amene pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawamvepo. Kenako anamugwira Tiwonge dzanja n'kumugwaditsa pambali pawo. Anati, “Agogo, uyu ndi Nyamsiska, mwana wanga. Ndinkayesa kuti kuno kulibenso wathu. Alipo, ndi uyu. Ndiye akukusungirani malo.”

Tiwonge, amene sanaphethire pamaso pa anyamata a miyala, analira ngati khanda. Inenso ndinalira. Ngakhale mlonda uja anatembenuka n'kumayang'ana mitengo.

Za pamwamba penipeni ndingakuuzeni bwanji? Mitengo imatha, n'kutsala mapiri a udzu okhaokha, kugudubuzika mpaka kumene maso alekera. Mbidzi tinaziona, zonenepa ngati zimadya gaga. Tinaona ntchefu zazikulu kuposa ng'ombe ya ngolo, ndi achilembwe a nkhope ngati apakidwa ufa. Tiwonge ankadziwa poima kuti mphepo isatiulule, ndipo ankatiuza kuti iyi ndi yaikazi, iyi ili ndi bere, izi zikangana posachedwa, ndipo zinkakanganadi. Bambo ake anali atasamukira mpando wa kutsogolo. Iye akatchula nyama, iwo ankatchula phiri: ili tinkalitcha chakuti, uko kunkachokera mvula, apo anthu akale ankasungunula chitsulo. Anakhala akuphunzitsana choncho mpaka dzuwa kupendeka, ine ndili kumbuyo ndafunda bulangete, ndikungowaonera.

Ku malo ogonako anatilandira ngati nduna. Anatikolezera moto m'chipinda, madzi osamba otentha, ndipo wophika anabwera kudzafunsa ngati chakudya chakoma. Titadya ndinanyamuka kuti ndikatsuke mbale, Tiwonge n'kundikoka chitenje. Anati, “Amama, khalani pansi, ndinu alendo.” Akuluakulu ake a ntchito anabwera kudzatipatsa moni, ndipo Tiwonge anawafotokozera yekha za kagalasi kaja, osabisa kanthu. Iwo anati chachikulu n'chakuti wabweretsa anthu ndi galimoto zamoyo. A Msiska anakhala tsonga pampando, chifuwa chili patsogolo.

Tinatsika tsiku lopanda zionetsero ndipo tinafika bwino. Sindinganene kuti aliyense achite monga tinachitira ife, chifukwa pa mtengo paja zikanatha kuipa, ndipo a Lonjezo sanalakwe kuchenjeza. Dziko silinakhazikikebe mpaka pano. Mnyamata wovulala mwendo uja ndinakamuona, wayamba kuyenda ndi ndodo. Tiwonge anatsikadi mwezi utatha. Ali pakhomo pano, akutithandiza kutonola chimanga uku akudikira kuti amuitane. Yunifolomu anaichapa, anaisita, ili pa msomali. Sakudandaula. Bambo ake ndiye asanduka wailesi: kumsika, kutchalitchi, kudibi la ng'ombe, nkhani ndi imodzi, ya mmene Nyamsiska anazimitsira injini n'kuvula chipewa.

Dzulo tikudya anandiyang'ana n'kuti, “Nyabanda, munthu asamachedwe kukaona akwawo monga ndinachedwera ine. Konzeka, tipite ku Dedza.” Anena okha, Amayi, ine osawapempha. Choncho ndikukulonjezani kuti mvula isanagwe tibwera tonse, ndi makasu ndi matsache, kudzalambula pamene mwagonapo. Ine sindichedwa.

Ndimakukondani lero monga kale.

Ndine mwana wanu,
Eliza Nabanda