Ajira Sitikumudziwa

Lachiwiri

Aphunzitsi Davide 10:14
a bungwe la scholarship adutsa pa trading pompano, galimoto yoyera. Ajira ukhale pakhomo. akangoona nyumba ndi kulankhula ndi agogo ako basi, koleji yatheka. step yomaliza imeneyi

Awa 10:16
ndinamuuza mng'ono wangayo asese pabwalo koma asasese kwambiri. akufuna osauka

Ajira 10:31
ndili pa chulu kusaka network, kunyumba ikugwira ya ku mozambique. ndikutsika

Ajira 11:02
ndafika. galimoto palibe, mapazi a matayala okha

Awa 11:03
agogo akuti chani

Ajira 11:05
akuti kunabwera alendo, apita. akuluka mphasa

Aphunzitsi Davide 11:20
andiimbira a bungwe. a Awa mwakhala pansi?

Awa 11:20
ndili pa mashini ndikusoka. nenani

Aphunzitsi Davide 11:23
akuti apeza mkulu wa kofiya pakhonde. amufunsa ngati pano ndi pa Che Abudu, wati Che Abudu anasamuka kalekale. amufunsa za Ajira, wati dzinalo akulimva koyamba

Awa 11:24
mkuluyo ndi Che Abudu, agogo athu

Aphunzitsi Davide 11:24
ndikudziwa

Awa 11:25
Ajira amulera okha chimwalirire mayi

Aphunzitsi Davide 11:28
apita nyumba yoyandikana, mai Esitere nawo akuti sakumudziwa. azungulira mudzi wonse. wina wawauza ayesere ku Namwera

Ajira 11:29
mai Esitere ndawatungira madzi mmawa womwe uno

Awa 11:30
ndiye pa report alemba chani

Aphunzitsi Davide 11:33
applicant not known in the village. akuti zimachitika, ena amapeka ana amasiye. Lachisanu malo apereka kwa wotsatira

Awa 11:34
Ajira apatse foni agogowo

Ajira 11:40
akukana. akuti foni imamva

Awa 11:41
nde cholinga chake chimenecho

Awa 12:15
Ajira

Awa 12:52
ndakwiya ndipo sindikubisa. msana unapindika pano pa boma kusokera ana a eni mayunifomu kuti iwe uvale yako. aphunzitsi atha nsapato kusaka bungwe limeneli. lero munthu akuti sakukudziwa

Awa 13:30
ukulira?

Awa 13:31
ulire msanga, tili ndi ntchito

Ajira 15:05
achemwali, agogo alola kulankhula. foni ndagwira ine, iwo akuti sakhudza

Ajira 15:07
🎤 voice note 1:24
Awa, ndi ine agogo ako. Akuti wakwiya. Kwiya, mwanawe. Nthawi ya chipani chimodzi iwe sunaione. Mng'ono wanga Jaffalie anali ndi mutu ngati wa Ajira yemweyu. Mudzi wonse ankauwerengera makalata, mpaka ochokera kwa aja anathawira kunja. Tsiku lina inabwera galimoto. Anthu aulemu, mataye pakhosi, moni wabwino. Akuti mnyamatayu boma lamupezera sukulu ku Ulaya, akwere akajambulitse chithunzi ku boma. Mudzi wonse unaperekeza, nthungululu mpaka pamsewu. Amayi athu anamugwirira nkhuku ya kamba. Mpaka lero akujambulitsabe. Kuyambira pamenepo, galimoto ikabwera kufunsa mwana wanzeru, kuno sitimudziwa. A ku mzikiti, a ku tchalitchi, tonse. Sitinakhalepo pansi kupangana. Wallahi, akabweranso mawa ndikananso.

Awa 15:51
ankatiuza kuti a Jaffalie anapita ku sukulu

Ajira 15:52
sananame

Aphunzitsi Davide 16:10
ndaphunzitsa ku Katuli kuno mpaka imvi koma izi sindimazidziwa. mundilole ndiwatumizire a bungwe voice imeneyi

Ajira 16:25
akuti tumizani, koma muwauze kuti wolankhulayo si Che Abudu

Lachitatu

Awa 07:40
ayankha?

Awa 12:05
aphunzitsi ayankha?

Awa 17:18
ndasoka mkono wa diresi ya mwini kukhosi. plz wina anene kanthu

Lachinayi

Aphunzitsi Davide 09:12
pepani, dzulo foni inali kotchaja. mkulu wa bungwe ndi mayi wachikulire, wamvera voice ija. sanafunse zambiri, wangoti nkhani zoterozo kwawonso ziliko. abweranso mawa

Awa 09:13
adzakanidwanso

Aphunzitsi Davide 09:16
ndawauza galimoto aisiye pa trading, abwere pa kabaza ngati anthu. taye asavale. afike anthu atatuluka ku swala ya Ijumaa ku mzikiti, ndiwaperekeza ndekha

Awa 09:17
moni wabwino asapereke

Lachisanu

Ajira 14:02
afika. fumbi mpaka m'nsidze. mmodzi wagwa pa kabaza, agogo amukonda ameneyo

Awa 14:03
avomera kuti ulipo?

Ajira 14:20
avomera. koma akuwauza kuti ndine wopusa kwambiri, boma silingapindule nane

Awa 14:21
progress

Ajira 14:37
mayi aja awaonetsa ma points anga. agogo akuti ndinaonera

Aphunzitsi Davide 15:10
zatheka. a Che Abudu adinda chala. koma ayika lamulo, tsiku lopita ku Zomba akwera nawo mpaka akaone okha sukuluyo

Awa 15:11
alhamdulillah

Awa 15:11
ndikulira pa nsalu ya customer

Lolemba, mwezi wa September

Ajira 06:48
tanyamuka. agogo akhala kutsogolo kwa minibus, akuloweza njira. anyamula mabulangete awiri, akuti kumeneko sapereka

Awa 06:50
mudzi waperekeza?

Ajira 06:52
ayi. aletsa. mai Esitere anayamba nthungululu, awayang'ana, asandutsa chifuwa

Ajira 12:30
tafika. afunsa alonda a pageti ngati olowa muno amatuluka. alonda akuti ena amatuluka mopitirira

Ajira 13:15
alowa mu room. agwedeza chitseko, ayang'ana loko. akuti kiyi asunga ndani, ndati ine. andiuza nditseke ndi kutsegula iwo akuona

Awa 13:16
ndiye?

Ajira 13:24
akhala pa bedi. kenako akuti kani sukuluyo imakhalakodi

Awa 13:25
atsike pa boma agone kwa ine, usawalole apitirire lero

Aphunzitsi Davide 13:40
uwerenge mwana. kamba akusiyira?

Ajira 14:05
ndawakweza minibus. mabulangete andisiyira onse awiri

Ajira 14:06
nkhuku akana kundigwirira. akuti ili pakhomo, ndikaidye ndekha pa holide