Tsegula, Mwanawe

Lolemba, 13 Okutobala

Bambo atuluka m'chipatala. Mbali ya kumanja yonse yafa, mwendo ndi dzanja lomwe. Pakamwa papotoka. Mawu akutuluka, koma limodzilimodzi, ngati akuchita kuwakumba. Adokotala anati sitiroko ndi imeneyo, koma chimene akuopa kwambiri ndi mtima. Azimwa madzi, asatope, asatenthedwe.

Asatenthedwe! M'chipinda mwawo muja masana ndi mu uvuni. Malata, siling'i yopyapyala, zenera limodzi loyang'ana kolowera dzuwa. Fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo. Pilo wanyowa mbali zonse.

Alamu, amuna a achemwali anga, abweretsa eyakoni yatsopano m'makatoni. Mulungu awadalitse, ngakhale mtengo wake atiuza mpaka taloweza. Achemwali anati, "Ntchito yako ija ndi imeneyitu, Kasipanala. Mawa bambo agone pozizira."

Dzina limenelo anandipatsa ndi bambo, ndili kamtsikana kowanyamulira bokosi la zida. Ntchito ya mafuliji ndi maeyakoni anaigwira mpaka maso anatopa, ndipo yonse imene ndimadziwa ndinaitola m'manja mwawo. Ndiika ndekha. Munthu wina adzagwire paipi m'nyumba muno ine ndili moyo? Ayi ndithu.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Ndapempha kuweruka masana. Abwana anakwinya nkhope koma analola.

Kuboola khoma. Fumbi koboo. Bedi tinalikokera kukhomo, bambo tawafunditsa nsalu yopepuka. Eyakoniyi ndi ya makina awiri. A m'kati ali pamwamba pa zenera. A kunja ndawaika kuseri kumthunzi, ndiye mapaipi akopa ayenda mtunda ndithu, kuzungulira ngodya. Milomo ya mapaipi ndaitambasula ndi chida cha bambo chakale chija, manati ndamanga ndi sipanala yawonso. Maso awo pa manja anga nthawi yonse. Ndinabwerera kukhala mwana wa sukulu, thukuta kamukamu.

Achemwali amayesa ndikangomanga nati womaliza ndiyatsa. Ndawafotokozera. Gasi woziziritsa ali kale m'makina a kunja, wotsekeredwa ndi vavu. Kutsegula vavu ndi komaliza. Choyamba ndipopere mpweya wa naitirojeni m'mapaipi, ugone usiku, tione ngati singano ya pa geji yoyezera mphamvu ya mpweya itsike. Ikapanda kutsika ndiye kuti sipakudontha. Kenako pampu ikoke mpweya ndi chinyezi chonse m'mapaipimo. Chinyezi chikatsalira chimadya kompuresa, mtima wa makina, pang'onopang'ono, mwini wake osadziwa. Anandimvera akuyasamula. "Ndiye lero ayi?" Lero ayi.

Ndalemba kamzere ndi cholembera pa galasi la geji, pamene singano yaima. Kachitidwe ka bambo.

Ndikulemba kamzereko ndakumbukira msampha wawo uja, ndinaseka ndekha. Wophunzira aliyense ankamutchera. Amudikire amange mapaipi, thukuta lili m'maso, ndiye amuuze mwaulesi, "Tsegula basi, mwanawe, kasitomala watopa. Akuona ndani?" Wogwira kiyi wa vavu n'kutsegula, tsiku lomwelo ankanyamula chikwama chake. Ine ananditchera ndili wamng'ono kwambiri. Ndinakana. Anandigulira nsapato zantchito.

Lachitatu, 15 Okutobala

Singano yatsika. Pang'ono, ngati m'lifupi mwa tsitsi, koma ili pansi pa kamzere. Ndinayesa kudzinamiza kuti ndi kuzizira kwa m'mawa, poti mpweya ukazizira umafota. Masana dzuwa likuswa mtengo ndinathawa kuntchito kudzaona. Sinabwerere pamzere.

Thovu la sopo pa nati aliyense. Kunja, m'kati. Kudikira. Palibe kathovu kotukumuka n'kamodzi komwe. Mutu waima.

Bambo adya pang'ono. Milomo youma, kupuma kofulumira. Achemwali akuwapukuta ndi thaulo lonyowa, likungouma m'manja. Anandikokera pakhonde. Akuti ena aja amaika eyakoni tsiku limodzi n'kumapita, bwanji ine? Amaikadi. Amangotsegula gasi kuti afwenthe, akankhe mpweya, basi, alandira zawo. Pakatha miyezi makina afa, nambala yawo sikupezeka. Ndinawauza kuti kuthamanga si kufika. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Madzulo ndili pamakwerero m'chipinda muja ndi kabotolo ka sopo, bambo anagogoda chitsulo cha bedi ndi dzanja lamanzere. Ndinatsika. Analimbana ndi lilime nthawi yaitali. "Tse... tsegula, mwanawe."

Ndinaseka mpaka misozi. Munthu wogona chonchi, akadali ndi msampha wake! Ndinati, "Simundigwira, bambo. Mwaiwala kuti nsapato munandigulira kale?" Anatseka maso.

Ndathamanga kukauza achemwali kuti mutu wa bambo ukugwira bwinobwino, ayamba nthabwala. Chiyambire sabata yatha lero ndiye mtima wanga wakhala m'malo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Tsiku lotayika. Kuntchito anatitumiza kutali, chipinda chozizira cha sitolo ina chafa, nyama ikuwola. Abwana anati ndapuma kale masana awiri, ndisayerekeze. Kukana ndi kusiya ntchito, ndipo mankhwala a bambo akudalira malipiro omwewa. Tsiku lonse kuziziritsa nyama ya eni ake.

Ndafika dzuwa litapendeka. Singano yatsikanso. Kudontha kulipo, palibenso zodzinamiza. Ndinati ndiwonjezere mphamvu kuti pobowokapo palire, silinda ya naitirojeni n'kuthera m'manja. Kodzazitsa atseka kale.

Bambo sanadye. Madzi ndi supuni. Mapazi atupa. Tinayesa kuwasamutsira pabalaza, akuti mwina ndi pozizirirapo, koma kuwanyamula kokhako anabuula mpaka tinawabweza. Pabalazapo malata ndi omwewo.

Alamu anaimirira pansi pa makina aja manja m'thumba, kuwayang'ana ngati chithunzi. Bola akanatukwana.

Lachisanu, 17 Okutobala

Ndapapeza.

Ndinanama kuntchito kuti ndadwala. Silinda ndadzazitsa m'mawa. Sopo wokhuthala, nati mmodzimmodzi, kukhala pamakwerero osaphethira mpaka miyendo dzanzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nati wa paipi yaing'ono, kuseri kwa makina a m'kati, pamwamba penipeni pa mutu wa bambo. Kathovu kamodzi, kakang'ono ngati diso la nsomba, kukula mochedwa moti ukayang'ana kumbali wakaphonya. Nditamasula ndinapeza mlomo wa paipi uli ndi kamng'alu. Chida cha bambo chija chatha mano, chimaluma kopa. Ndinadula, n'kutambasula ndi changa cha kuntchito, kumanganso. Naitirojeni. Kamzere katsopano pa galasi.

Ndinaonetsa bambo kachidutswa kong'alukako, ndimayesa akondwa. Sanakayang'ane n'komwe. Anandigwira pamkono, zala zotentha ngati chitsulo cha padzuwa. Maso awo m'maso mwanga. "Tsegula." Kenako, patapita nthawi, "Chonde."

Chonde sanali m'msampha uja. Koma ndinaganiza, ndafika kale pamapeto, watsala usiku umodzi ndi pampu basi. Nditsegule tsopano, chinyezi chili m'kati, makina atsopano a alamu? Mwana wa bambo awa? Ndinawapukuta pachipumi, ndinati mawa masana muzipempha bulangete. Anandisiya mkono.

Achemwali anamva zonse ali pakhomo. Kukhitchini anandiuza motsitsa mawu, zimene zimapweteka kuposa kukuwa. "Ukukonzera ndani, makina kapena munthu?" Ndinayankha kuti za ntchito iyi sakuzidziwa. Zoona sakuzidziwa. Koma yankho limenelo likundinunkhira m'kamwa mpaka pano.

Loweruka, 18 Okutobala

Singano pamzere. Sinasunthe.

Ndatulutsa pampu ya bambo mosungira katundu, ndasintha mafuta. Ndimafuna amve kulira kwake. Imayamba ndi kukhosomola, kenako mawu amasalala mpweya ukamatha m'mapaipi. Ankati mmisiri amamva ndi khutu geji isananene. Ndinatsegula zenera kuti phokoso liwafike.

Pampu ili pakati pa ntchito, achemwali anakuwa. Bambo akupuma ngati munthu wothamangitsidwa, milomo yada, maso osationa. Alamu anabweretsa galimoto pakhomo. Ndinathamanga kuseri kukatseka geji ndi kuthimitsa pampu. Inde, ndinapita kaye kuseri. Manja anachita okha. Pobwera ndinapeza awanyamula kale.

Ndikulemba pabenchi ya kuchipatala. Muno mukuzizira bwino. Eyakoni ya mu kolido ikudontha madzi pakhoma, paipi yotayira madzi anaiika mopanda kutsetsereka. Taonani zimene ndikuona pa nthawi ngati ino.

Namwino watuluka, akufunsa wamkulu ndani.

Lachinayi, 23 Okutobala

Bambo tinawaika m'manda Lachiwiri. Anthu abalalika. Mipando yobwereka yabwezedwa. Adokotala anati mtima unali wotopa kale, zikanachitika tsiku lililonse. Achemwali anafunsa ngati kutentha kunafulumizitsa. Anati sangadziwe. Sanati ayi.

Achemwali sakundikalipira. Akundipatsa tiyi, akundifunsa ngati ndagona. Sitinakhalepo aulemu chonchi chibadwire.

Dzulo kunabwera a Mafuta, wophunzira woyamba wa bambo, pano ndi mdala wa imvi ali ndi shopu yakeyake. Dzinalo anawapatsa ndi bambo poti ovolosi yawo sinkayera. Anakhala pakhonde kutisangalatsa ndi nkhani zakale, mpaka anafika pa msampha uja. Anayerekeza bambo ndendende. Kutembenuka, kuyang'ana kukhoma, kuimba kaluzu, "Tsegula basi, mwanawe." Anthu anaseka. A Mafuta anati, "Mdala ameneyu bodza sankalitha. Akamakutchera sankakuyang'ana kumaso, ankaopa kuseka. Ukaona wayang'ana kukhoma, dziwa ndi msampha."

N'zoona. Inenso tsiku langa lija ankayang'ana kukhoma. Ndinaiwala bwanji?

Lachitatu lija sanayang'ane kukhoma. Lachisanu ndiye n'komwe.

Powaperekeza ndinawaonetsa kachidutswa ka kopa, kakadali m'thumba la ovolosi. Ndinafunsa ngati za ntchito wamba, kuti ndi kamng'alu kotere gasi angathe patapita nthawi yaitali bwanji. Anakazunguza padzuwa. "Aka? Kangaziziritse mpaka mvula itagwa. Mwina kupitirira. Koma wachita bwino kukapeza, bambo ako akanakunyadira." Anandisisita paphewa. Sakudziwa kuti kanachokera chipinda chiti.

Mpaka mvula. Bambo ankadziwa zimenezo kuposa a Mafuta, kuposa ine. Anawerengera ali chigonere, makina akhala nthawi yotani, iwo atsala ndi yotani. Anandiuza monga mmisiri. Ine n'kuseka.

Lachisanu, 24 Okutobala

Kutentha sikunasinthe. Ana a achemwali akugona pabalaza, wamng'ono watuluka zidzolo khosi lonse. Achemwali anati, mosandiyang'ana, "Ukapeza mpata umalizitse chija. Ana azigona mmenemo." Ndinati chabwino.

Ndapita kuseri nditaweruka. Geji ili pomwe ndinaisiya Loweruka, fumbi pagalasi. Ndapukuta ndi chala. Singano ili pansi pomwe pampu inaifikitsa, sinakwere n'pang'ono pomwe masiku onsewa. Mapaipi ouma, otsekeka. Ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndagwirapo. Ndinayatsabe pampu kuti imalize gawo lake. Inakhosomola, n'kusalala. Zenera lija likadali lotsegula.

M'chipinda matiresi aimikidwa kukhoma. Pachitsulo cha bedi penti inachoka pomwe ankagogoda ndi mphete.

Pampu ndathimitsa. Zivindikiro za mavavu ndachotsa. Kiyi ndalowetsa. Kwatsala kupotokola dzanja basi, mwana wamng'ono angathe. Gasi alira m'mapaipi, chipinda chizizira tiyi asanapse.

Ndakhala pa katoni kuseri kuno, buku pamwendo, kiyi ali pavavu. Achemwali aitana kuchokera kukhitchini kuti kodi zatheka. Ndayankha kuti ndikudikira singano.